Tiyi wa ku Thyolo ndi Nsomba za ku Likoma: Matebulo Awiri a Alendo

Munthu akalipira ndalama zambiri kukagona kumalo apamwamba a kutali ndi tauni, amakhala akugula zinthu zitatu: pogona pabwino, bata, ndi chakudya chimene eni malo amati n'cha dera lomwelo. Ziwiri zoyambazo sizivuta kuziyeza, pakuti bedi lofewa ndi lofewa kulikonse, ndipo kumene kulibe hutala ya minibasi munthu amagona tulo. Chachitatucho ndicho chimafuna kudekha, chifukwa dera lililonse limadyetsa mlendo m'njira yakeyake. M'Malawi muno muli malo awiri odziwika amene amalonjeza zimenezi: Huntingdon House, pa esiteti ya Satemwa ku Thyolo, ndi Kaya Mawa, pachilumba cha Likoma. Oyambawo ali pakati pa minda ya tiyi, m'munsi mwa phiri. Achiwiriwo ali pamiyala ndi pamchenga, m'mphepete mwa madzi. Onse awiri ndi aang'ono, a zipinda zowerengeka, ndipo onse amanyadira zophika zawo. Tiyeni tione chimene phiri limaika m'mbale ndi chimene nyanja imaikamo.

Malo awiriwa sanabadwe mofanana. Esiteti ya Satemwa anaiyambitsa Maclean Kay, wa ku Scotland, mu 1923, ndipo nyumba imene lero ikutchedwa Huntingdon House anaimanga mu 1928 kuti azikhalamo ndi banja lake. Inali nyumba ya banja isanakhale ya alendo, n'chifukwa chake zipinda zogona ndi zisanu zokha ndipo onse ofikamo amakhala pansi pa denga limodzi. Kaya Mawa anaimangira alendo kuchokera pachiyambi: tinyumba ta miyala, ta madenga a udzu, tobalalika m'matanthwe ndi m'gombe kuti wogona m'kena asaone wogona m'kanzake. Ku Thyolo alendo amakumana pakhonde tsiku lonse. Ku Likoma amamwazikana, n'kudzaonana pa nthawi ya chakudya. Mbiri ya Thyolo ili m'minda imene mlendo akuiona pawindo, pamene ya Likoma amaitsatira wapansi mpaka ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Amishoni a Anglican anakhazikika pachilumbapa mu 1885, ndipo tchalitchicho anayamba kuchimanga mu 1903. Kumtunda azungu anadza ndi mbewu, kuchilumba anadza ndi Baibulo, ndipo zonse ziwiri zinasiya chizindikiro chosafufutika.

Njira imene mlendo wadzera ndi yomwenso ufa, shuga ndi mafuta ophikira zimadzera. Wopita ku Satemwa amayenda pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Blantyre, kudutsa ku Limbe ndi pa Bvumbwe, pamsika pamene kabichi, tomato, karoti ndi mapeyala zimaunjikana m'mbali mwa msewu, ndiponso pamene alimi a ng'ombe za mkaka amasonkhanitsa mkaka wawo m'mawa. Wopita ku Likoma amakwera kandege kuchokera ku Lilongwe, kapena amadikira Ilala, sitima imene yakhala ikuzungulira nyanjayi kuyambira mu 1951. Wophika wa ku Thyolo anyezi akamuthera amatuma galimoto m'mawa, masana anyezi wafika. Wophika wa ku Likoma akaiwala kuitanitsa kanthu amadikira ulendo wotsatira wa sitima kapena wa ndege. Nthaka ya ku Thyolo ndi yakatondo, yolandira mvula yambiri, yobala chilichonse chimene waikamo. Ya ku Likoma ndi yamchenga ndi miyala, yokonda milambe, mango ndi chinangwa, moti chimanga, nkhuni ndi ndiwo zambiri zimachita kuoloka kuchokera ku Nkhata Bay kapena kutsidya la Mozambique, kumene gombe la Cobue limaoneka ndi maso.

Boma la Thyolo limadziwika ndi tiyi. Malawi ndi limodzi mwa maiko oyamba mu Africa kulima tiyi wogulitsa: minda yoyamba inadzalidwa ku Mulanje mu 1891, ndipo masiku ano dziko limakolola matani oposa 40,000 pachaka. Wambiri mwa tiyi ameneyu amapita kunja, kukasakanizidwa ndi wa maiko ena m'timatumba timene anthu amamwa ku Britain ndi ku South Africa osadziwa kumene wachokera. Ku Satemwa mlendo amamuona tiyi dzina lake lisanatayike. Amaona otchola, madengu ali kumsana, akuthyola masamba awiri ndi kansonga, kenako amaona mufakitale mmene tsamba limodzimodzilo limasandukira zakumwa zosiyana. Tiyi wakuda amamufotetsa, kumudula kapena kumupota, kumusiya kuti ade, n'kumuumitsa. Wobiriwira amamutenthetsa msanga kuti asade. Woyera amachokera ku nsonga zanthete zimene amangofotetsa ndi kuumitsa, pamene oolong ali pakatikati pa wakuda ndi wobiriwira. Pamalopa amalimanso khofi, ndipo ophika amathira tiyi m'zakudya ndi m'zakumwa zina, kuti chimene mlendo wachiona m'munda m'mawa akachipezenso m'mbale madzulo.

Likoma nayo imadziwika ndi nsomba. Nyanja ya Malawi ili ndi mitundu ya nsomba yambiri kuposa nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, koma mlendo amafika atasunga dzina limodzi, chambo. Chonsecho kwawo kwenikweni kwa chambo ndi madzi osaya a kumwera, cha ku Mangochi. Madzi ozungulira Likoma ndi Chizumulu ndi akuya, amiyala, ndipo nsomba zake zenizeni ndi utaka, usipa, kampango ndi ncheni. Usiku wopanda mwezi mlendo amaona nyali zitandandalika panyanja, asodzi akukopa usipa kuti ulowe mu ukonde wa chilimira. Kukacha amaona amayi akuyanika nsombazo pathandala, zina akufutsa. Kampango ndiye amagwirizana ndi mpeni ndi foloko, chifukwa mnofu wake ndi wochuluka ndipo minga ndi yochepa. Usipa ndi utaka zimafuna zala ndi kuzolowera. Ngati ku Thyolo mlendo amaphunzira kuti tsamba limodzi limabala zakumwa zinayi, ku Likoma amaphunzira kuti nyanja imodzi sibala nsomba zofanana m'magombe ake onse.

Apa ndiye pagona kusiyana kwakukulu: tiyi amalimidwa, nsomba zimagwidwa. Tchire la tiyi limene linadzalidwa kalekale lidzaphukanso chaka chino, ndipo kapitawo amadziwiratu munda umene utcholedwe Lachiwiri. Msodzi akamakankha bwato madzulo sadziwa ngati abwerako ndi zodzaza dengu kapena zongokwana ana ake. Tiyi akauma amasungika miyezi yambiri kudikira mlendo. Nsomba ikatuluka m'madzi, dzuwa la kunyanja limaipatsa maola owerengeka. Wophika wa ku Thyolo ali ngati mayi amene ali ndi nkhokwe pakhomo ndi dimba kudambo, wa ku Likoma ali ngati mayi amene amadziwa ndiwo za lero pokhapokha bambo akabwera kuchokera kunyanja. Woyambayo angathe kulonjeza lero chimene adzaphike sabata yamawa, n'kukwaniritsa. Wachiwiriyo akakhala woona mtima amauza mlendo kuti lero kampango sanapezeke, n'kuphika chimene chapezeka. Wina ubwino wake ndi wosakhumudwitsa, winayo ubwino wake ndi wosatopetsa, ndipo si chapafupi kunena ubwino umene uli woposa unzake.

Nyengo nazo zimakonza matebulo awiriwa mosiyana. Minda ya ku Thyolo ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julayi chiperoni chimabwera ndi nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo osakata. Pamenepo mlendo amafuna moto wowotha, supu ndi kapu yotentha. Kutchola kumafika pachimake m'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo wofuna kuona minda itabiriwira ndi fakitale ili yakaliyakali azipita nthawi imeneyo, koma adziwe kuti walira mvula walira matope. Gombe la Likoma lili pansi, pamtunda wosakwana mamita 500. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mwera umautsa mafunde, ndipo ukakula mabwato amagona pagombe, nsomba n'kusowa. Kuyambira Seputembala nyanja imadekha, kutentha kumakula, ndipo chakumapeto kwa chaka mango amapsa chilumba chonse. Ku Thyolo nthawi yolemekezeka ndi ya tiyi wa madzulo, pakapinga, ndi masikono, makeke ndi jamu. Ku Likoma ndi ya chakudya chausiku, matebulo atawatulutsira pamchenga, nyali zikuyaka. Kuphiri munthu amadya kuti afunde, kunyanja amadikira kuti kuzizire ndiye adye.

Koma kodi anthu a m'maderawa, amene amaphikira ndi kuperekera mlendo, amadya chiyani akaweruka? Ku Thyolo ambiri ndi Alomwe, amene makolo awo anaoloka kuchokera ku Mozambique chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, n'kupeza ntchito m'maesiteti. Pamoto pawo pamakhala nandolo, chigwada, mkhwani wotendera, ndi kalongonda, amene amaonekeranso poyera pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe ku Chonde, m'boma la Mulanje, mwezi wa Okutobala. Kalongonda amafuna kuphikidwa tsiku lonse, madzi akutayidwa ndi kuthiridwa ena kangapo, apo ayi amazunguza mutu wodyayo. Ku Likoma pamoto pamakhala nsima ya kondowole ndi usipa kapena utaka. Chinangwa amachisenda, kuchiviika m'madzi masiku angapo kuti kuwawa kuchoke, kuchiyanika, n'kuchisinja. Nsima yake ndi yomata, yotamuka, ya kafungo kowawasa kamene wobadwira kunyanja amakasowa akakhala ku Lilongwe. Zakudya ziwirizi n'zofanana pa chinthu chimodzi: zonse zimachokera ku mbewu imene ingapweteke munthu wopupuluma, ndipo zonse zimasanduka chakudya chifukwa cha luso limene amayi anaphunzira kwa amayi awo. Palibe chakudya chimene chingatchedwe cha dera kuposa chimenechi.

Tsono pamalo apamwamba a mtundu umenewu, m'Malawi monse muno, zokolola za m'dera zimalowa m'khitchini mosavuta kuposa kaphikidwe ka m'dera. Kuminda ya tiyi tsamba ndi la pomwepo, mkaka ndi wa pafupi, masamba ndi a m'dimba, koma mwambo wa tiyi wa madzulo ndi wa ku Britain, ndipo ufa wa sikono ndi wa tirigu amene pafupifupi yense dziko lino limagula kunja. Kunyanja nsomba ndi ya usiku womwewo, koma kawirikawiri imafika m'mbale yopanda mutu ndi minga, itathiridwa ndimu, pambali pali vinyo wa ku Cape, pamene mwana wa kunyanja angakuuzeni kuti mutuwo ndiye ndiwo. Sitinganene kuti n'kunyoza chabe. Mlendo wochokera kutali amakhala masiku awiri kapena atatu, m'mimba mwake simunazolowere, ndipo wophika safuna kumuyesera kalongonda kapena kumuphunzitsa kutema kondowole usiku woyamba. Nyumba ya ku Thyolo ili ndi poyankhira: kaphikidwe ka banja limene lakhala pamalopo zaka 100 nako ndi mbali ya mbiri ya deralo, kaya tiikonde mbiriyo kaya tisaikonde. Loji ya ku Likoma ilibe kaphikidwe kosiyiridwa ndi makolo kotero, ndipo ili ndi ufulu wobwereka kulikonse. Yoyambayo ingathe kumangika ndi zakale, yachiwiriyo ingathe kutengeka ndi zachilendo.

Tebulo lililonse lili ndi funso lake limene silinenedwa pa nthawi ya chakudya. La ku Thyolo ndi la malo. Kalembera wa mu 2018 anapeza anthu oposa 700,000 m'bomali, ndipo gawo lalikulu la nthaka yabwino lili m'manja mwa maesiteti kuyambira nthawi ya atsamunda. M'maesiteti ambiri a kumapiri a Shire munali thangata, lamulo loti wokhala pamalo a mzungu azilipira ndi ntchito, ndipo linathetsedwa mu 1962. Kunja kwa malire a tiyi anthu amalima timinda tating'ono m'malo otsetsereka, nkhalango yambiri ya phiri la Thyolo inagwetsedwa, ndipo nthochi zimene bomali linkanyadira zinasakazidwa ndi matenda a chisaka, moti zambiri zimene zili m'misika ya m'tauni lero zimachokera ku Tanzania ndi ku Mozambique. Komabe esiteti ngati ya Satemwa ndi imene imalemba anthu ntchito, imagula masamba kwa alimi ang'onoang'ono a tiyi, ndipo imasunga zigawo za nkhalango yachilengedwe m'mene mbalame zosowa zikubisalabe. Kubiriwira kumene mlendo akukuyamikira pakhonde kuli ndi nkhope ziwirizi, ndipo woona imodzi yokha sanaonetsetse.

Funso la ku Likoma ndi la madzi. Chilumbachi n'chaching'ono, cha masikweya kilomita pafupifupi 18, ndipo boma lonse, kuphatikizapo Chizumulu, linali ndi anthu osakwana 15,000 pa kalembera yemweyo. Panyanja palibe mpanda, palibe mlonda pachipata. Aliyense wokhala ndi bwato ndi ukonde amalowa. Ufulu umenewu ndi umene wadyetsa mabanja mibadwomibadwo, ndipo ndi womwewonso wachepetsa nsomba. Maukonde a maso ang'onoang'ono, ngakhalenso maneti a udzudzu, amakokolola ndi tiana tomwe, ndipo chambo, chimene chimalera ana ake m'kamwa, chimagwidwa chisanaswane. Lero usipa ndiwo uli woposa theka la nsomba zonse zogwidwa m'dziko muno. Kuti zinthu zingathe kukhala mwina, umboni uli pachilumba cha Mbenji ku Salima, kumene ufumu wa Makanjira wakhala ukutseka usodzi m'nyengo ya dzinja kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ndipo nsomba zimapeza mpata woswana. Ku Thyolo chuma chili ndi mwini wochisamala, koma ambiri alibe gawo. Kunyanja onse ali ndi gawo, koma ochisamala ndi ochepa.

Ndalama ya mlendo nayo imayenda njira ziwiri. Ku Thyolo imadzera m'buku la malipiro: wophika, woperekera zakudya, wa m'dimba, wochapa, aliyense amalandira pa tsiku lodziwika. Zipinda zisanu n'zochepa poyerekeza ndi minda ndi fakitale, choncho moyo wa deralo umadalira mtengo wa tiyi pa okushoni ya ku Limbe ndi m'misika ya kunja kuposa kuchuluka kwa alendo. Ku Likoma mbali ina imadzeranso m'malipiro, koma ina imachoka m'dzanja kulowa m'dzanja, kwa msodzi pagombe kapena kwa mayi wogulitsa mazira ndi tomato. Pachilumba chopanda fakitale loji imodzi ndi bwana wamkulu ndiponso wogula wamkulu, ndipo pafupi nayo pali Katundu, malo amene amayi a pachilumbapa amapanga zokongoletsa za mikanda ndi za magalasi a mabotolo otayidwa. Wolandira pamwezi amagona podziwa za mawa, koma sakhala ndi mawu pa mtengo wa thukuta lake. Wogulitsa pagombe amanenerera mtengo yekha, koma mwera ukawomba kapena alendo akachepa amabwerera chimanjamanja.

Mlendo amene akhala patebulopo ndiye amamaliza nkhani. Mitengo ya malo otere imalembedwa m'madola, ndipo usiku umodzi umaposa malipiro a mwezi wathunthu a anthu ambiri a m'deralo. Ichi n'choona kuphiri, n'choonanso kunyanja. Wochokera ku London akafika ku Thyolo amapeza chakudya chimene akuchidziwa m'dziko limene sakulidziwa, ndipo mtima umakhala pansi. Akafika ku Likoma amapeza nsomba zimene sanamvepo maina ake, ngakhale zaphikidwa m'njira ya kwawo. Kwa Mmalawi zinthu zimatembenuka. Iye amene wamwa tiyi wamkaka ndi shuga kuyambira ali mwana amakalawa ku Thyolo tiyi woyera ndi oolong, zakumwa zachilendo zomera m'dziko lake lomwe. Ku Likoma amakapeza nsomba imene anakula nayo, yatsopano kuposa imene amagula pamsika wa m'tauni, koma yovekedwa zachilendo. Wina amapita kukadziwa zatsopano za kwawo, wina amapita kukakumbuka zakale za kwawo, ndipo kawirikawiri ndi munthu mmodzi yemweyo pa maulendo awiri.

Tikaika zonsezi pasikelo, palibe mbali imene ikugwetsa inzake. Wofuna kutsatira chakudya kuchokera m'munda mpaka m'kapu, kuona dzanja lililonse limene chadutsamo, Thyolo imupatsa zimenezo mokwanira kuposa Likoma. Wofuna kudya chimene tsikulo lapereka, n'kuvomera kuti mphepo ili ndi mawu pa chakudya chake, Likoma imuphunzitsa zimenezo bwino kuposa Thyolo. Pamene malo a mtundu umenewu akali ndi ulendo, kuphiri ndi kunyanja komwe, ndi pa mphika wa anthu a m'deralo, ndipo apa mlendo ali ndi mphamvu kuposa mmene amaganizira. Akuluakulu anati mlendo ndi mame, koma khitchini imakumbukira zimene alendo amafunsa. Choncho mukapita ku Thyolo, mukamwe tiyi wawo mwachifatse, kenako mukafunse ngati angakuphikireni nandolo ndi chigwada. Mukapita ku Likoma, mukafunse amene wagwira nsombayo, mukakane chambo chaching'ono, ndipo usiku umodzi mukapemphe kondowole ndi utaka, mudye ndi manja. Pemphani dzulo lake, mwaulemu, kuti ophika akonzekere. Luso limenelo ali nalo kale, akungodikira wolifunsa.